Kagalimoto Kokana Kumera Zitseko

Ndiulule lero, poti manyazi anandithera limodzi ndi mano: ine ndinkakhulupirira kuti galimoto zimakula. Musati ndinali mwana ayi, imvi zinali zitayamba kale.

Anandisokoneza ndi dokotala wachizungu amene ankagwira ntchito pachipatala cha mishoni ku Nkope ndili mnyamata. Anabwera ndi kagalimoto kobiriwira ka kwawo ku Ulaya, kazitseko ziwiri. Atapita kutchuthi anabwerako ndi yomweyo, mtundu womwewo, chizindikiro chapamphuno chomwecho, koma zitseko zinayi. Mkazi wake atabereka ana atatu, galimoto ija inatalika msana moti munkagona wodwala. Pomaliza, dokotala atayamba dazi, nayonso inavula denga n'kumafunda nsalu. Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma maso ndinali nawo. Mbuzi imakula, ng'ona imakula. Nanga chitsulo chinalakwanji?

Ndiye tsiku lina ndinagulitsa bwato langa ndi ukonde womwe, n'kukagula kagalimoto ka mtundu umenewo ku Mangochi, kazitseko ziwiri. Kanali kotchipa, ine n'kumati n'chifukwa choti n'kopinimbira, eni ake sankakadyetsa. Ndinkati ndikalere bwino, kakatalika msana ndizitengera usipa ku Limbe.

Pamudzi pomwe ndimakhala ndi pa akazi anga. Ndine mkamwini, ndipo mwini malo anali apongozi anga, mayi athupi oti akakhala pamkeka, wina aliyense ankakafuna wake. Mwa mwambo wathu ine ndi iwo sitinkayang'anizana, sitinkakhala moyandikana, kukhudzana ndiye musanene n'komwe. Mawu awo ankadzera mwa mwana wawo ngakhale ine ndili pomwepo.

"Iwe," anatero kwa akazi anga, "uwauze amunakowo kuti bwato lija linkatidyetsa. Patsala miyezi itatu mdzukulu wanga amange ukwati ku Monkey Bay. Chinthu chawocho chikandifikitse. Chikalephera, apinde mphasa yawo azipita kwawo."

Vuto linali lakuti kutsogolo, pambali panga, sakanakhala. Kumbuyo polowera pake panali potsamiritsa mpando wakutsogolo, kampata kake ngati khomo la khola la nkhuku. Koma ine sindinade nkhawa. Miyezi itatu ndi yambiri, mwana amamera mano angati pa miyezi itatu?

Ndinayamba kukamwetsa petulo wa pafilingi siteshoni, osati wa m'zigubu. Ndinkakasambitsa kunyanja, n'kukaimika pamthunzi wa mtengo wa mango. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkakayeza ndi chingwe, mphuno mpaka mchira, n'kumanga mfundo. Sabata yachitatu kanaonjezera zala ziwiri, ndinapha nkhuku. Ndinadzamva patsogolo kuti chingwecho chinangofupika chitanyowa. Kenako penti inang'ambika kuseri kwa chitseko, mzere woongoka bwino. Ndinaitana asodzi anzanga kuti adzaone chitseko chikumera. Mmodzi anati ndizitikitapo ndi chala monga amachitira nkhama za khanda, ndipo ndinatikita. Akazi anga ankangopeta mpunga.

Itatsala sabata imodzi, mzere uja unali udakali mzere. Ndinapita kwa makaniko wina wachiyao pafupi ndi msika wa Mangochi.

"Achimwene, mulibe mankhwala ofulumizitsa? Kakuchedwa kumera zitseko."

Anatuluka kunsi kwa minibasi, nati ndibwereze. Ndinabwereza, n'kumufotokozera za dokotala ndi za apongozi. Anaseka mpaka kofia inagwera m'beseni la oyilo.

"Wallahi, madala, mwandiphera tsiku! Kufakitale kwawoko amazipanga nthawi imodzi ngati mandasi. Ina zitseko ziwiri, ina zinayi, ina yamsana wautali ya anthu a ana ambiri, ina yopanda denga ya anthu okonda kupsa ndi dzuwa. Zoyambirira zinali za nyali zozungulira, kenako za nyali zamakona ngati yanuyi, pano akupanga zoyendera magetsi. Dokotala wanuyo ankangosinthitsa. Yanuyi si khanda, ndi nkhalamba, mwina ndi ya msinkhu umodzi ndi apongozi anuwo. Ndiponso zitseko zake ndi zitatu." Anamenya chivundikiro chakumbuyo.

"Chimenecho n'choikira nsomba," ndinatero.

"Papepala analemba kuti chitseko."

Ndinabwerera ku Nkope ndikuganiza za kwathu, kumene ndinachoka kalekale, kopanda ndi khasu langa lomwe.

Tsiku la ukwati apongozi anatuluka atavala zitenje zitatu ndi duku lalitali ngati chulu. Ndinatsamiritsa mpando, n'kuugwira ndi dzanja poti chokolera chake chinathyoka, nkhope nditalozetsa kunyanja. Mutu unalowa, mapewa analowa, kenako ulendo unathera pomwepo. Kulowa osalowa, kutuluka osatuluka. Akazi anga anazungulira mbali inayo n'kumakoka manja.

"Abambo, kankhani!"

"Ndikankhe pati? Ukufuna mudzi wonse undiimbe nyimbo?"

"Iwe," mawu anachokera m'katimo, "uwauze amunakowo kuti akangondikhudza, mphasa yawo ndiwotcha ndekha."

Anadzawasolola ndi amayi anayi a kwaya, ngati asodzi akutulutsa khoka m'nyanja. Apongozi anakhala pamchenga akupuma mofulumira, ndipo anatuma mdzukulu wina wamng'ono kuti akatenge mphasa yanga m'nyumba. Anabwera nayo yopindapinda, n'kuiika pamapazi anga. Belu la ukwati ku Monkey Bay linali litatsala ola limodzi kuti lilire.

Apo m'pomwe ndinakumbukira mawu a makaniko. Ndinatsegula chitseko chachitatu chija, ndinagonetsa mpando wakumbuyo, n'kuyala mphasa yomweyo. Chivundikirocho sichinkaima chokha, ndiye ndinachichirikiza ndi nkhafi, chokhacho chimene chinatsala pa bwato langa.

"Uwauze amayi kuti khomo la akuluakulu ndi ili," ndinatero kwa akazi anga.

Anayang'ana, ananunkhiza, poti dzulo lake munali usipa. Kenako anatembenuka n'kukhala cham'mbuyo, ngati akukhala pakhonde, miyendo ili lende panja. Mphuno ya galimoto inadzuka n'kuloza kumwamba.

Tinayenda pang'onopang'ono, akabaza akutipitirira. Ine ndinapenya kutsogolo, iwo kumbuyo, misana yathu yokha ikudziwana. M'midzi anthu ankathamangira kumsewu, ena akuti ndi phungu, ena akuti ndi mkwatibwi weniweniyo. Apongozi ankangobayibitsa ndi kansalu ka m'manja. Pageti la tchalitchi tinafika amphaka atatu akutitsatira, akwati asanalowe.

Atatsika, anakonza duku, nati, "Iwe, uwauze amunakowo kuti galimoto yawo ndi yaulemu. Njira yonse sindinawaone nkhope. Mphasayo abwezere m'nyumba, koma ayambe ayichapa."

Usiku umenewo ndinagona pamphasa yonyowa, ndikudziyamikira mokweza kuti nzeru si sukulu. Akazi anga anazimitsa nyali.

"Abambo, miyezi itatu yathunthu mwakhala mukuyeza galimoto. Mukanandipatsa ine chingwecho tsiku loyamba, ndikanayeza amayi."