Mulu wa Dothi wa ku Battlefields

Dzulo malume ananditumizira pafoni chithunzi chomwe amachinyadira kwambiri: mulu wa dothi la mumgodi ku Battlefields, kufupi ndi tauni ya Kadoma, dzuwa likulowa.

Ndinalipo tsiku lomwe anachijambula, ndili mwana. Amayi anavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi, atadzola mafuta mpaka kunyezimira.

"Achimwene, ndijambuleniko," anatero.

"Dikira, mlongo, filimu yatsala imodzi."

Malume anatembenukira kumuluko, kamera n'kulira. Ine ndinaomba m'manja, poganiza kuti aliyense woima pafupi amalowa m'chithunzimo. Ndinkauza anzanga kuti amayi ali m'kamera ya malume ku Kadoma.

Amayi anamwalira opanda chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo nkhope yawo ikundithawa.

Dzulolo ndinawayankha malume kuti, "N'chokongola zedi, malume." Koma akadzamwalira, masikipa a pamaliro ndidzasindikitsa ndine, ndipo pamalo pa nkhope yawo padzakhala mulu wa dothiwo.