Kavalo wa Malemu Apita ku Limbe

Ndinanyamuka ku Chilobwe 7 koloko m'mawa, kavalo wamtengo wa tchesi ndili nditamumanga pa nsonga ya chitenje. Ndinamupeza m'thumba la jekete ya malemu amuna anga, a Fulaye, omwe anali telala ku Limbe. Kumeneko matelala amasewera tchesi ndi madalaivala, gulu kwa gulu, ndipo kanthu sikasuntha pa bolodi anthu asanakweze manja kuvota. Ndinati ndikabweze katundu wa eni, ndikamvenso mmene anzawo amawakumbukira.

Minibasi yopita m'tauni inali K1,500. Kondakitala anati kwatsala malo a munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo tinalowa anayi. Ku Mibawa ndinagula chinangwa chophika n'kukwera ina. Pa Chichiri mayi wina ataona duku langa lakuda anafunsa ngati ndikupita kukatsata za penshoni. Ndinati ayi, ndikuperekeza kavalo. Anasendera kuwindo.

Cha m'ma 10 koloko ndinafika pakhonde la sitolo pamene malemu ankasokera. Makina osokera anali chete, makasitomala ali chiimire, matelala asanu ataunjikana pa bolodi. Pamalo pa kavalo panali chitsekerero cha botolo. A Jafali, dalaivala wa gulu linalo, anandipatsa mpando n'kundinong'oneza kuti masewero omaliza a malemu matelala anagonja, ndipo mwezi wonse akhala akuwabwereza kufuna kupeza amene analakwitsa.

Matelala anasuntha msilikali, n'kukangana. Anasuntha bishopu, wina n'kunena kuti iye anaona ngozi kalekale. Atafika posuntha mfumukazi, a Nyasulu, wamkulu wawo, anapukusa mutu.

"Alamu, musakhumudwe, koma apa ndi pamene malemu anatiphetsa. Mzimu wawo uuse mumtendere."

Onse anavomera mwaulemu, wina mpaka kuvula chipewa.

Ine tchesi sindiidziwa, koma tsiku limenelo ndikulidziwa. A Fulaye atabwera kunyumba, chakudya anangochiyang'ana. Anati anawachonderera anzawo kuti mfumukazi isachoke pamalo, koma manja anakwera asanu, lawo lokha lili pansi. Ndinawauza matelalawo zimenezi monga ndinazimvera.

A Nyasulu anati iwo dzanja anakweza pothamangitsa ntchentche. Wina anati mumtima anali mbali ya malemu. Posakhalitsa onse asanu anali atavota ndi a Fulaye.

"Ndiye mfumukaziyi inayenda yokha?" anafunsa a Jafali.

Matelalawo anandifunsa chimene ndinabwerera. Ndinagwira mfundo ya chitenje, n'kunena kuti ndimangodutsa.

Pobwerera ndinadya chinangwa changa pa Ginnery Corner, minibasi itaima pamzere wa magalimoto. Ndinaphunzira kuti womwalira amasenza zolakwa za amoyo ngati palibe womuyankhira. Ndinafika ku Chilobwe 2 koloko, ndipo kavalo ndinamubwezera m'jekete. Chitsekerero chija chikuwakwana.