Mphini za Amayi

Amayi anabwera ku Karonga kamodzi kokha, pa ubatizo wa mwana wanga wamkazi. Anachokera ku Mulanje pa basi, n'kufika miyendo itatupa. Bambo wina wa kutchalitchi anajambula mwambowo pa kamera ya kaseti, kenako n'kutisamutsira pa chimbale. Amayi anamwalira mwanayo asanayambe kuyenda, ndipo chithunzi chawo china ndilibe.

Chaka chatha ndinagula TV yaikulu, yopachika pakhoma. Nditaika chimbale chija mtima unandiwawa. Pa ka TV kakale amayi ankaoneka bwinobwino, koma apa nkhope yawo inachita mbuu, ngati ndikuwaonera pa windo lonyowa.

Namwino mnzanga anandilozera bambo wina pa Uliwa amene amayeretsa mavidiyo akale pa kompyuta. Ine makina ochenjera kuposa mwini wake sindiwakhulupirira. Nditafika ndinamufunsa, "Kamera ija sinaone bwino. Nanga zomwe sinaonezo kompyuta yanuyi izitenga kuti?"

"Amama, mungafipanga mtima chara, musadandaule," anatero uku akuseka. "Imadzazira yokha. Mudzaona, zidzayera, safi kabisa."

Mawu oti kudzazirawo sanandisangalatse. Chimbale ndinakana kuchisiya. Ndinakhala pabenchi mpaka atamaliza kukopera, maso anga ali pa manja ake.

Patapita sabata ndinakatenga fulashi n'kudzaiika pa TV kunyumba. Ntchito anaigwira, sindinganame. Maluwa a pa zitenje ankachita kuwerengeka. Amayi atatembenukira ku kamera, mwana wanga, amene tsopano ali Fomu 3, anaomba m'manja. "Agogo anali osalala chonchi!"

Amayi sanali osalala. Anali ndi mphini m'masaya monse muwiri, zomwe anawatema ali mtsikana. Ndili wamng'ono ndinkazisisita ndi chala akandinyamula, iwo n'kumandikalipira kuti ndiwatosa m'maso. Kompyuta inaziyesa litsiro n'kuzipukuta. Pa TV panga panali mayi wachilendo atavala mpango wa amayi, atanyamula mwana wanga.

M'mawa mwake ndinabwerera ku Uliwa nditakwiya, chimbale chili m'manja. Bamboyo sanakangane nane. Anaika chimbale chakale chija, n'kuimitsa pa nkhope ya amayi, n'kuikulitsa. Pa masaya panali timadontho takuda tosadziwika bwino.

"Izi makina sangazidziwe," anatero. "Koma palije suzgo, vuto palibe. Mundiuze zinali zingati tsaya lililonse, ndizibwezeretsa ndi manja."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti zitatu. Ndisanatchule, m'mutu mwanga munabwera zinayi. Ndinayesa kukumbukira chala changa chikuyenda pa tsaya lawo, koma nkhope imene inkabwera inali yosalala ija, yomwe ndinaiona dzulo lake. Ndinachita mantha. Ndinatenga chimbale changa n'kutuluka osatsanzika.

Mwana wanga anaika nkhope yosalalayo pa foni yake. Nditamuuza kuti agogo ake anali ndi mphini, anandifunsa kuti zingati. Mpaka lero sindinamuyankhe.