Manda a patsinde pa thanthwe

A Gervasio ali ndi kashopu pa boda ya Mwanza, kotayipa ndi kufotokopa mapepala a madalaivala a mathiraki. Ndi munthu wofatsa, ndipo akakhala pa kompyuta, kuwaitana n'kudzivuta. Kompyutayo sanaiphunzire kusukulu ayi, anangoikakamira mpaka inagonja.

Kuno anabwera ali mwana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Mayi awo, a Olímpia, anamwalira panjira, ndipo anthu anawaika mwachangu patsinde pa thanthwe lina cha ku Thambani. Mtanda palibe, simenti palibe, ndi kamulu ka miyala basi. Chaka chilichonse mvula ikatha, a Gervasio amakwera kabaza, khasu ndi tsache m'manja, kukalambula pamandapo.

Tsiku lina pashopu panatulukira Maureen, mwana wa aneba awo amene ali ku yunivesite. Mtsikanayu ali m'kalabu yokwera matanthwe ndi zingwe. Ha, masewera enawa! Ife phiri timakwera tikafuna nkhuni, awa amangofika pamwamba n'kutsikanso.

"Ankolo, tipangireni webusaiti," anatero Maureen. "Tiziikapo zithunzi za matanthwe ndi njira zokwerera. Koma ikhale yotseguka, kapangidwe kake kakhale poyera kuti aliyense azikopera n'kusintha mmene akufunira."

A Gervasio anavomera, namaigwira ntchitoyo makasitomala akachepa. Poika zithunzi za ana a m'kalabu aja, anangoti kakasi. Thanthwe lija ilo! Pakamulu ka miyala paja mnyamata wina anapondapo, akumanga chingwe m'chiuno. Zinawapweteka kwambiri, koma mwanayo akanadziwa bwanji?

Atamuuza Maureen, mtsikanayo anagwada pomwepo n'kupepesa. A Gervasio analemba patsamba la thanthwelo kuti: "Patsinde pano pagona mayi anga. Chonde yambirani kukwera cha kumanzere."

"Tsono webusaitiyi ndiikiya," anatero a Gervasio. "Wina angadzafufute mawuwa."

"Ankolo, mukaikiya makalabu ena apanga zawo, zopanda mawu anuwa. Koma akakopera yathuyi, atengera ndi mawu omwe."

Anakanda mutu, kenaka anaisiya yotseguka, ngakhale mtima sunali m'malo. Posakhalitsa Maureen anawauza kuti kalabu ina ya ku Blantyre yaikopera, ya ku Tete nayonso yaimasulira m'Chipwitikizi. Kwa Maureen chinali chimwemwe. A Gervasio ankangoona nsapato za alendo onsewo zikupondaponda pamutu pa mayi awo.

Mvula itatha anakwera kabaza monga mwa nthawi zonse. Njira yopita kuthanthwe anaipeza yopondeka ngati ya kuchitsime. Koma chapafupi ndi kamulu kaja, njirayo inakhotera kumanzere. Pamanda panali polambula kale, posesa bwinobwino, miyala yomwe inagumuka ndi mvula itabwezedwa m'malo mwake.

Amene anachita zimenezi sakudziwika mpaka lero, kaya ndi a ku Blantyre, kaya ndi a ku Tete. A Gervasio anatula khasu lopanda ntchitolo, nakhala pansi, misozi ili chuchuchu.

"Amayi," anatero, "ndinkati ndikadzafa ine, adzakuseserani ndani? Kani mwapeza ana ena."