Loya wa Galimoto ndi Loya wa Kabaza

Lemba bwinobwino, mdzukulu wanga, usadumphe mawu. Ine sukulu sindinaipondeko, koma ndinabereka maloya awiri. Yamba ndi zimenezo.

Woyamba ndi amalume ako. Ali ku Lilongwe, ku kampani yaikulu ya maloya, m'nyumba yosanjikizana yokwera ndi chikepe. Ndinapitako kamodzi. Mtsikana wa pakhomo anandifunsa ngati ndinapangana nawo nthawi. Ine! Ndinati, "Mwanawe, munthu ameneyo anabwera m'mimba mwanga osapangana nane nthawi, ndipo ndinamulandira." Nditalowa ndinafunsa kuti akuba amene mumawanenera kukhoti ali kuti. Akuti iwo kukhoti sapitako, amawerenga mapepala a makampani amene akugulana. Mkanjo wakuda wa maloya uja unali lende pakhoma, ukadali m'pulasitiki. Munthu kuwonda, maso psuu, foni kulira ngati mwana wanjala. Koma kutchalitchi ndikangoti "mwana wanga wa ku Lilongwe", azimayi amandisunthira pa benchi.

Wachiwiri ndi amayi ako. Kaofesi kawo ukukadziwa, pa Boma kuseri kwa chigayo, mafayilo onse mbuu ndi ufa. Milandu yake ya ng'ombe zodya chimanga cha eni, ya lobola, ya malire. Ena amalipira nkhuku. Kukhoti amapita pa kabaza, mkanjo m'jumbo, n'kubwerako akuseka. Kunenepa chomene. Kutchalitchi zimenezo sindinena.

Tsono agogo ako aamuna atamwalira, mng'ono wawo, alamu anga, anafuna dimba langa la ku Manyamula. Akuti mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe alibe munda. Dimba limenelo ndilo limandipatsa tomato ndi mpiru wogulitsa, mchere ndi sopo wanga zimachokera mmenemo. Amayi ako anapita kukawauza zimene lamulo limanena za akazi amasiye. Alamu anangoseka. "Loya wanji wonunkha chigayo? Iwe ndinakunyamula uli ndi mamina."

Mbwenu ndinaimbira amalume ako. "Ndapota, bwera udzawaopseze." Anavomera. Tsiku la msonkhano wa banja litafika, abwana awo anawakaniza. Anangotumiza galimoto ya kuntchito ndi dalaivala kuti atinyamule, ine ndi amayi ako.

Galimoto yake yakuda, yaitali ngati ya maliro a munthu wolemera. Dalaivala bambo wamkulu thupi, wa taye, wa kumwera, Chitumbuka osamva n'kamodzi komwe. Titafika anatsika woyamba, ife tikulimbana ndi zitseko kumbuyo. Alamu anathamanga okha kukatenga mpando wa ndalema umene amakhalira abusa. "Yewo bwana loya, yewo chomene!" Bamboyo anakhala, poti munthu wapatsidwa mpando. Nkhuku inafa nthawi yomweyo.

Ndinafuna kutsegula pakamwa, amayi ako ananditsina. Anakhala pamphasa ndi akazi anzathu, miyendo tambalale, chitenje m'chiuno.

Nkhani inayamba m'Chitumbuka. Alamu analankhula, analankhula, akumuyang'ana mlendo. Mlendo zii. Anangokwinya nkhope n'kuyang'ana wotchi, poti ankaganiza za msewu wobwerera. Alamu thukuta kamukamu. Ananong'oneza mkulu wina, ine ndikumva: "Mwaona? Akuluakulu sayankha. Akusunga mawu a kukhoti."

Pamenepo amayi ako anagwada n'kuwomba m'manja. "Adada, mundilole ndinene, mlendo wathu asavutike." Ananena mawu omwe aja, omwe alamu anawaseka mwezi wathawo, osawonjezapo ngakhale mchere. Atamaliza, dalaivala anatulutsa makiyi m'thumba n'kuimirira. Ankafuna kusuntha galimoto, ana anali atayamba kulemba zala pa magalasi.

"Ayi ayi bwana, khalani!" anatero alamu. "Za kukhoti za chiyani pa abale? Dimba ndi la alamu anga. Ndani ananena zolanda? Ine ndimangofuna kuwathandiza kulima."

Bamboyo anadya chiwindi ndi nthutumba, ife makosi ndi mapazi. Pobwerera amayi ako anaseka kuchokera ku Manyamula mpaka pa Boma, misozi mbwembwembwe. Ndinati, "Sizikukupweteka? Ntchito wagwira iwe, mbiri yapita ku Lilongwe."

"Amama, dimba mwalipeza kapena ayi? Mawa ndili ndi mlandu wa mbuzi, musandichedwetse."

Amalume ako anaimba ali mu ofesi, akuti sanadye chiyambire m'mawa. Nditawafotokozera anafunsa kuti nkhope ya alamu inali bwanji. Ndinabwereza kawiri. Akuti iwo chiyambire ntchito sanaonepo nkhope ya munthu amene amupambana. Kenako foni ina inalira, anadula.

Mpaka lero kumudzi amati dimba langa linapulumutsidwa ndi loya wa ku Lilongwe, wosalankhula uja. Kutchalitchi tsopano amandisiyira benchi ya kutsogolo. Ine sinditsutsa, nditsutsirenji? Tomato woyamba kupsa ndimatumiza kuseri kwa chigayo. Izo lemba ndi zilembo zing'onozing'ono.