Swichi Imene Inkakana Chala cha Bambo

Chaka chimene tinalowa m'nyumba yathuyathu ku Area 25, titatopa ndi za lendi ku Nsungwi, ine ndinapenga nawo magetsi. Msuweni wanga wokhala ku Joni anatibweretsera maswichi amakono, osadina ayi, agalasi losalala ngati la foni. Ukakhudza pakati getsi limayaka, ukakweza chala limawala ngwee, ukatsitsa limazilala pang'onopang'ono mpaka kutsala ngati kandulo. Ukachita ulesi umangoyatsa pafoni uli gone. Ndinkayatsa magetsi a kunyumba ndili m'minibasi pa Kanengo, dzuwa likuswa mtengo, kungofuna kuti amene ndakhala naye mpando umodzi afunse. Amuna anga ankati zikanatheka ndikanawasiya iwo n'kukwatiwa ndi swichi.

M'chaka chomwecho bambo anga anabwera kudzakhala nafe. Mayi atamwalira iwo anatsala okha kumudzi ku Dedza, ndipo tsiku lina anakomoka kudimba, n'kuchita kutoledwa ndi anthu odutsa. Kuchipatala anati ndi shuga. Ndinawanyengerera mpaka malovu kuuma m'kamwa kuti abwere kutauni, ndipo atalola ndinawapatsa chipinda chabwino koposa, chokhala ndi swichi yagalasi, ndikumadziuza kuti ndawalemekeza.

Swichiyo inawakana. Iwo akakhudza, zii. Ine ndikakhudza pomwepo, getsi n'kuyaka. Poyamba tinkaseka, ndipo ndinawauza kuti, "Musadandaule Bambo, mukafuna kuwala muzingondiitana, ndiziyatsa pafoni." Anandiitanadi masiku oyambirira, kenako anasiya. Ndikabwera kuntchito madzulo ndinkawapeza atakhala pabedi m'kachisisira, wailesi ili pamiyendo, n'kumati maso awo amakonda choncho.

Loweruka lina m'mawa tikumwa tiyi, anaika kapu pansi n'kunena modekha kuti, "Mwana wanga, mvula isanagwe ine ndibwerera kwathu. Kumudzi ndikafuna kuwala ndimayatsa ndekha koloboyi wanga. Kuno ndichite kupempha, ngati wodwala wogonekedwa m'chipatala?"

Bambo anga sanena chinthu kawiri. Ndinachita mantha, chifukwa ndinawaona m'maganizo atagwanso pakati pa mizere popanda wowatola. Koma kunena zoona, pamodzi ndi manthawo munalinso ukali. Kagalasi kochepa ngati bokosi la machesi kandilande bambo anga? Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuuza amuna anga kuti lero kumsika apita okha, ine ndili ndi nkhondo.

Kumsikako sanapite, anati nkhondo yotereyi sangaiphonye. Tinatseka makatani a chipindacho kuti tiziona bwino kuwala, ine n'kuyamba ndi foni. Mumenemo muli malo otsekera swichi yapakhoma kuti ana asamaseweretse, ndiye ndinati basi mlandu ndi umenewu. Ndinapeza posatseka. Ndinagwira galasilo osachotsa chala mpaka kagetsi kake kabuluu kanayamba kuphethira, kuti iiwale zonse n'kuyambiranso, kenako ndinailumikizanso ndi foni. Ndinakhudza, inayaka. Amuna anga anakhudza, inathima. Bambo anakhudza, palibe chinachitika.

Ndinakathimitsa magetsi a nyumba yonse pa swichi yaikulu, n'kumasula galasilo ndi sikuludiraiva. Mawaya onse anali omanga bwino, koma ndinawamangabe mpaka dzanja kuwawa. Kenako ndinazula swichi ya pabalaza, imene inali isanavutepo, n'kuisinthanitsa ndi ya m'chipindamo. Thukuta linali kamukamu, koma ntchito zotere zimandikoma, moti ndinkaimba. Titayatsanso magetsi ndinati, "Bambo, iyi ndi ina, sikudziwani, yesani." Nayonso inawakana.

"Kapena sakudina mwamphamvu," anandinong'oneza amuna anga. Bambo anamva, ndipo anakanikiza galasilo ndi chala chachikulu mpaka linalira ngati lisweka. Anapukusa mutu n'kukhala pabedi.

"Zisiyeni ana inu. Nyumba imadziwa eni ake."

Mawu amenewo anandipweteka kwambiri. Ndinatsala pang'ono kuimbira msuweni wanga kuti ndimulalatire iye ndi Joni wake yemwe.

Nthawi yomweyo kunamveka odi pakhomo. Anali aneba athu, kalipentala wochokera ku Mangochi, amene anabwera kudzabweza makwerero athu. Ataona makatani otseka masanasana anafunsa ngati kuli matenda. Amuna anga atawafotokozera, anaseka n'kuvula nsapato pakhomo.

"Kaswichi basi? Amayi, zinthu za tachi izi sizifuna mphamvu, zimafuna sitayilo. Taonani."

Anakhudza mokongola, chala chaching'ono chili m'mwamba. Getsi silinayake. Anapukuta chalacho pa thalauza n'kukhudzanso, koma ayi ndithu. Bambo anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kwenikweni kogwedeza mapewa, n'kunena kuti, "Takulandirani achimwene, tilipo awiri tsopano."

Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana dzanja la anebawo lili pakhoma, lokhakhala ndi ntchito ya matabwa. Ndinapita pabedi n'kugwira dzanja la bambo, limene ndinali ndisanaligwire chiyambire ndili kamtsikana kowolotsedwa pamsewu. Nsonga za zala zawo zinali zouma gwa, khungu lokhuthala ngati chikopa cha ng'oma, khasu la moyo wawo wonse lili pamenepo. Ndinayang'ana zala zanga zozolowera kompyuta, ndi za amuna anga zogwira choko kusukulu. Ndinakumbuka kuti ndikavala magolovesi ochapira, foni yanga simandimvera ngakhale ndikanikize bwanji.

Ndinakulunga chala changa m'chitenje n'kukhudza swichi. Inandikana inenso. Ndinalumpha ngati mwana, ndipo amuna anga anaganiza kuti magetsi andigwira.

"Si mawaya, si foni," ndinatero ndikupuma mothamanga. "Galasili silimva mphamvu, limamva khungu lofewa. Zala zanu Bambo zavala magolovesi akeake."

Ndinathamangira kukhitchini kukatenga madzi m'kapu. Bambo ananyowetsa nsonga ya chala, monyinyirika, anasansa pang'ono n'kukhudza. Chipinda chonse chinawala ngwee. Aneba anaomba m'manja, amuna anga n'kuimba mluzu, koma bambo anangoyang'ana kapuyo.

"Ndiye ndiziyenda ndi madzi m'nyumba muno ngati wobatiza?"

Chimwemwe changa chinabwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa ankanena zoona, ndiponso madzi ndi magetsi si zinthu zoyanjanitsa. Ndinawapukuta chalacho ndi chitenje changa, ndipo potembenuza dzanja lawo ndinaona kuseri kwa zala, kumene mpini wa khasu sufika. Khungu la kumeneko linali lopyapyala, lamakwinya, lofewa kuposa langa.

"Pindani chala Bambo, ngati mukugogoda pakhomo. Mukhudze ndi kuseri kwake."

Anaimirira, anapinda chala, n'kugunda galasilo pang'ono. Getsi linathima. Anagundanso, linayaka. Palibe amene anawauza chochita pambuyo pake. Okha anatsitsa chalacho pang'onopang'ono mpaka chipinda chinatsala ndi kuwala kwa kandulo, kenako anachikweza mpaka tonse tinatsinzina. Aneba nawo anayesa ndipo zinatheka, moti anati akakaweruka ku mzikiti adzabweranso kudzayeserera bwino. Bambo sanafune kuwapatsa malo nthawi yaitali. Anabwerera pakhomapo n'kumakweza, kutsitsa, kukweza, kutsitsa, nkhope ili yolimba ngati munthu amene ali pa ntchito yaikulu.

Ine ndinali nditakhala pansi, sikuludiraiva ili m'manja, ndikusangalala mpaka misozi kulengeza. Ndinkafuna kufunsa za ulendo wa ku Dedza koma ndinkaopa yankho lake. Bambo anasiya getsilo pakatikati, pamene anaona kuti pawakomera, ndipo analankhula osandiyang'ana.

"Sabata ya mawa upite kumudzi ukanditengere nkhuku zanga, zatsala ndi anthu." Kenako anatembenukira kwa aneba aja. "Inu achimwene, khola mumakhoma?"