Nkhafi ya Amalume Pakhoma Panga

Ine pakamwa ndimatha, a ku Chembe amadziwa. Chaka chimene anakhwimitsa lamulo loletsa kupha nsomba pafupi ndi zilumba, ndine ndinaimirira pamsonkhano wa komiti ya kugombe. Ena ankapempha kuti a mabwato ndi mbedza awasiye, aletse a maukonde okha. Ndinakanitsitsa. Ndinati lamulo lisaone nkhope: wa injini, wa bwato, tonse tichoke kumiyala, nsomba ziswane. Anthu anawomba m'manja, ine n'kukhala pansi mtima uli myaa.

Kunena zoona, kumiyalako ndinali nditasiya kalekale. Ndili ndi boti la injini, matchera anga ndimakatchera kutali. Lamulolo silinandilande ngakhale usipa umodzi.

Amene linawalanda ndi amalume anga, alongo awo a mayi, omwe anandiphunzitsa kupalasa. Moyo wawo wonse ankawedza ndi mbedza kuseri kwa chilumba, kumene mphepo ya Mwera sifika. Sipanapite nthawi, oyang'anira malowo anawapeza n'kuwalanda mbedza. M'mawa mwake anafika pakhomo panga, nkhafi ili m'manja.

"Amalume, lowani, tiyi wapsa."

"Sindinabwerere tiyi. Iwe wati tonse ndife ofanana. Nayi nkhafi. Tenga bwato langa, ukawedze kumene lamulo lakolo lalola, udzandiuze kufananako."

Anaitsamiritsa pakhoma n'kumapita.

Ndinapsa mtima. Ine, wobadwira pagombe, andiyese ndi nkhafi? Ndinakankha bwato anthu akuona. Popita zinayenda bwino. Nditangodutsa chilumba, Mwera unandilandira. Abale inu! Bwato likuvina, madzi akulowa, dzanja lina likape madzi, lina lipalase, nanga mbedza uponya ndi chiyani? Mimba yokulira pa injiniyi nayo inkangondipinga. Ndinabwerera dzuwa litapendeka, wopanda ngakhale kansomba, m'manja muli matuza okhaokha. Amayi otsuka mbale pagombe anandifunsa ngati ndikufuna dengu lonyamulira nsombazo. Manyazi anandigwira, koma mantha ndiwo anakula: kumeneko n'kumene ndinatuma munthu wa imvi. Nkhafi ndinakaibwezera pakhoma pomwe anaisiya.

Lamulolo ndimagwirizana nalo mpaka lero. Nsomba zikasowa poswanira, tonse tidzadya miyala. Chimene sindinaone n'chakuti malire ndi amodzi koma mikono si imodzi. Pamsonkhano wotsatira ndinaimiriranso, n'kutambasula manja kuti aliyense aone matuza. Ndinati wa injini aliyense, potuluka m'mawa, azikoka mabwato awiri kukawasiya kumalo ololedwa kumene kuli bata, kuja kotalika ndi nkhafi, ndipo pobwerera aziwatenga. Anzanga a injini anayamba kung'ung'udza za mafuta. Ndinati, "Amene akukana, nkhafi ili kwathu, bwato lili apo, akayese." Palibe anadzuka. Ena anavomera, ena amazembabe, koma ine ndinayamba tsiku lotsatira.

Mabwato a anthu ena ndinkakoka, la amalume ayi. Anati iwo si mbuzi yoti azikokedwa pachingwe. Nkhafi inakhalabe pakhoma panga, akazi anga akusesa moilambalala, palibe woigwira. Eni ake ankangokhala pagombe kusoka maukonde a anthu, nsana atalozetsa kunyanja. Zinkandiwawa kwambiri kuwaona chonchi. Ndinakapepesa kawiri konse, iwo n'kumangopitiriza kusoka. Kachitatu ndinangokhala pambali pawo n'kumawagwirira ukonde mpaka anamaliza.

M'mawa wina ndikutuluka m'nyumba, pakhoma panalibe kanthu. Ndinathamangira kugombe. Ndinawapeza atakhala m'bwato lawo kumbuyo kwa boti langa, nkhafi ili pamiyendo. Chingwe anali atamanga kale okha, mfundo yake yomwe ija anandiphunzitsa ndili mwana.

"Amalume, mwadzuka bwanji?"

"Liza injini yakoyo, dzuwa likukwera. Ndipo uyendetse bwino iwe, usandinyowetse."